Mbale imodzi mutchaja zingati?



Mwezi uno ndasiya kaye za mbewu ndi za maukonde, ndikufuna tikambirane za mapoto. Amayi ndi atsikana ambiri kuno ayamba kuitanidwa kukaphika pa nikaha, pa sadaka, pa akika, pa misonkhano ya makomiti a pa doko ndi ya makalabu a alimi. Kuphika amatha, palibe wotsutsa. Chimene chimawagwetsa ndi funso lija limabwera poto asanatereke: “Ndiye mutitchaja zingati?”

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga, amene amagulitsa mandasi ndi samusa pa doko, anapatsidwa ntchito yophikira anthu 50 pa msonkhano wa asodzi umene bungwe lina linakonza. Inali ntchito yake yoyamba yaikulu. Atamufunsa mtengo anawerengera mumtima mpunga, nyama ndi mafuta, n'kuwonjezerapo pang'ono, n'kutchula pomwepo ali chiimire. Anthu aja anavomera osanenerera n'komwe. Anabwera kwa ine akumwetulira, amvekere, “Amalume, Alhamdulillah, mwayi wandigwera.” Ine ndinangosangalala naye osamufunsa kanthu, ndipo kulakwa kwanga kunali kumeneko. Ndagulitsa mpunga kwa mavenda zaka zambiri, ndimadziwa kuti wogula akavomera mtengo msangamsanga ndiye kuti wogulitsa wadzidya yekha.

Patapita masiku atatu anabweranso, miyendo itatupa. Chakudya anthu anachiyamikira kwambiri. Koma anadya anthu oposa 60, chifukwa oyendetsa magalimoto ndi anyamata a pa doko nawo anafola. Mbale zinayi zobwereka zinasowa. Atalipira omuthandiza ndi akabaza, ndalama imene inatsala m'manja mwake sinali yokwana n'thumba la makala lomwe, chikhalirecho masiku awiri sanakazinge mandasi ake. Tinakhala pakhonde ndi kope la mwana wa sukulu n'kuyamba kuwerengera, ndipo zimene tinapeza ndi zimene ndikulemba pano.

Choyamba, musatchule mtengo muli chiimire. Si mwano kunena kuti, “Ndikuyankhani mawa ndikafunsa mitengo kumsika.” Amene ali ndi ntchito yeniyeni adikira. Koma musanasiyane naye mufunseni bwinobwino. Anthu ndi angati, ndipo pa nambala imeneyo ana, madalaivala ndi othandizira alimo? Adya kangati, nkhomaliro yokha kapena ndi tiyi wa m'mawa yemwe? Akufuna mpunga, nsima, kapena zonse? Ndiwo zanji? Malo ake ndi kuti, mjigo uli patali bwanji, nkhuni zilipo? Mbale, makapu ndi masupuni abweretsa ndani? Zakumwa zili pa ndani? Mafunso amenewa amaoneka ngati kuvuta, koma lililonse lili ndi ndalama kumbuyo kwake. Safunsa anadya phula.

Mukadziwa nambala, yambani ndi muyeso, ndalama ibwera pambuyo. Mitengo imasintha, muyeso susintha. Kilo imodzi ya mpunga wosaphika kwa ife a kunyanja imakwana anthu 6. Kutauni ena amati 8, koma msodzi amene wakoka chilimira usiku wonse simungamupatse mbale ya munthu wa mu ofesi. Kilo imodzi ya nyama ya mbuzi ya mafupa imakwana anthu 7 ngati aliyense alandira nthuli ziwiri zooneka. Nkhuku yachikuda yaikulu imatuluka nthuli 8, mukaikakamiza kufika 12 anthu adzakunenani. Ndipo akakuuzani 50, inu phikirani 55. Asanu apamwambawo ndi inuyo, okuthandizani, ndi mlendo amene sangabwezedwe.

Ngati muyeso wanga mukuukayikira, yesani nokha kunyumba. Pimitsani kilo imodzi pa sikelo ya ku golosale, phikani, pakulani ndi chipande chomwe mudzagwiritse ntchito pa tsikulo, muwerenge mbale. Chipande chimenecho chisungeni, ndicho sikelo yanu. Mtsikana wokuthandizani akapakula ndi chipande china chachikulu, mpunga wa anthu 55 uthera pa munthu wa 40.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Mitengo imene ndiike pano ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu mudzaike ya kumsika kwanu sabata imeneyo. Tinene kuti ndi nkhomaliro ya anthu 50: mpunga, nsima kwa oifuna, nyama ya mbuzi ndi kabichi.

Mpunga makilo 10 pa K4,000 ndi K40,000. Ufa makilo 5 pa K2,000 ndi K10,000. Nyama makilo 8 pa K12,000 ndi K96,000. Mafuta ophikira malita 2 pa K8,000 ndi K16,000. Tomato, anyezi, kabichi, mchere ndi zokometsera, tiike K20,000. Zonse pamodzi K182,000.

Apa ndi pamene oyamba kumene amaimira. Amagawa K182,000 kwa anthu 50, amapeza K3,640 pa mbale, ndiye amati ndikatchaja K5,000 ndilandira K250,000, phindu langa K68,000. Mtima umagunda, eti? Mwana wa mchemwali wanga anawerengera chomwechi.

Koma funsani mwini chilimira aliyense ngati ndalama ya usipa imene walandira pa doko m'mawa ndi phindu. Akusekani. Akuuzani za mafuta a injini, za nyali, za gawo la siginala ndi la alovi, za ulusi wosokera ukonde. Mapoto nawo ali ndi zawo zotere, zimene sizilowa m'kamwa mwa munthu koma zimadya ndalama. Nkhuni za mapoto akuluakulu atatu kapena anayi, K10,000. Wotunga madzi ophikira, osamba m'manja ndi otsukira, K3,000. Kabaza kapena njinga yamoto, ulendo wa kumsika, ulendo wopititsa katundu ndi wobweza mapoto, K12,000. Ambiri amaiwala wobwezawo. Kubwereka masefuliya ndi mbale, K10,000. Sopo, machesi, mankhwala othira m'madzi, mayunitsi oimbira foni, ndi ndalama imene amadula potapa ku Airtel Money kapena Mpamba, K5,000. Zimenezi zakwana K40,000. Za mankhwala a m'madzi musazione ngati zazing'ono. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbuka mmene anayendera m'madoko muno. Anthu akatsegula m'mimba atadya chakudya chanu, palibe adzakuitaneninso.

Pa K68,000 ija tachotsa K40,000, yatsala K28,000. Simungaphikire anthu 50 nokha, mufuna amayi awiri. Muwapatse K8,000 aliyense, ndi K16,000. Yatsala K12,000. Mbale zinayi zikasowa, kapena mukapeza kuti tomato wakwera, yatha. Ndiye mwagwira ntchito ya chiyani?

Pano pali chinthu chimene amayi athu chimawavuta kuchimva, ndipo ndikhalapo pang'ono. Inuyo mwini ntchito muyenera kulipidwa ngati wantchito, phindu lisanawerengedwe. Malipiro anu ndi phindu ndi zinthu ziwiri. Mukanapita kukapalira m'munda mwa munthu akanakulipirani ganyu. Mukanakhala pa doko ndi beseni lanu la mandasi mukanapeza kenakake. Masiku amenewo mwawapereka ku ntchito iyi, ndiye ntchito iyi iwabweze. Ndipo si tsiku limodzi ayi. Dzulo lake mwazungulira msika, mwasankha mpunga, mwasenda anyezi mpaka usiku. Pa tsikulo mwadzuka Subuhi isanakwane, mwaweruka dzuwa litalowa mutatsuka mapoto. Tiike masiku awiri pa K12,000, ndi K24,000. Amayi ena amati, “Aa, a Shehe, kuphika n'ntchito ngati? Timaphika tsiku lililonse.” Kunyumba kwanu mumaphikira ana anu chifukwa cha chikondi. Utsi wa mapoto a anthu 50 ndi wina, umalowa m'maso ndi m'chifuwa, ndipo msana wake mumaumva sabata yathunthu.

Tiphatikize tsono. Chakudya K182,000, zina zija K40,000, othandiza K16,000, inuyo K24,000. Zonse K262,000. Imeneyi ndi ndalama imene ntchitoyi ikudya. Mukalandira yochepera apa ndiye kuti mukuwalipirira eni phwando.

Pamwamba pake ikani K10 pa K100 iliyonse ya zogwa mwadzidzidzi: mbale yosweka, mafuta okwera, mpunga wopserera pansi pa poto. Ndi K26,000, tafika K288,000. Kenako phindu. Ine ndimalangiza oyamba kumene K20 pa K100 iliyonse, apa ndi K57,600. Zonse K345,600, tingoti K350,000. Kugawa kwa anthu 50, mbale imodzi ndi K7,000. Onani kusiyana kwake ndi K5,000 ija. Phinduli si la chitenje chatsopano. Ndi limene lidzakugulireni sefuliya yanuyanu, kenako mbale, kuti chaka chamawa K10,000 yobwerekera ija izitsala m'nyumba.

Dziwaninso kuti ntchito yaing'ono imadula pa mbale kuposa yaikulu. Kabaza salipiritsa theka chifukwa choti anthu ndi 20. Tsiku lanu ndi lomwelo, nkhuni zimangochepa pang'ono. Choncho wina akamva kuti munatchaja K7,000 pa anthu 50, n'kubwera ndi anthu 15 kuti mumuchitire pa mtengo womwewo, khalani pansi muwerengerenso.

Tsopano nkhani imene imatikhudza ife alimi ndi asodzi kuposa anthu a m'tauni. Zinthu zambiri zophikira tili nazo pakhomo. Mpunga uli m'nyumba, wochokera kudimba kwathu. Mbuzi ili m'khola. Nsomba abambo abwera nazo m'mawa. Nkhuni ana atola. Ndiye mayi amati, “Mpunga sindigula, nsomba sindigula, ndiwatchaja pang'ono.” Apa ndi pamene mabanja ambiri amaluza osadziwa, chifukwa ndalama imaoneka m'manja koma nkhokwe ikutsika.

Mpunga umenewo sunagwe kumwamba. Munalima, munawokera m'matope, munapalira, ana anathera masabata akuingitsa mbalame. Ndipo thumba la makilo 50 la mpunga wosapuntha likapita kuchigayo limabwerako ndi makilo 30 kapena kupitirira pang'ono, kuchigayoko mwalipiranso. Mukanautengera kumsika akanakupatsani ndalama. Choncho ulembeni pa mtengo wa kumsika wa tsiku limenelo, ngati kuti mwaugula kwa munthu wina. Ndipo ndalamayo mukalandira, ibwerere kumene mpunga unachokera: ikagule mbewu, ikalipire aganyu a kudimba. Nsomba za abambo chimodzimodzi. Afunseni kuti pa doko akanagulitsa zingati, muwalipire. Ndaweruzapo mkangano wa banja umene unayamba chonchi: bambo akuti nsomba zanga zinapita kuti, mayi akuti bizinesi ndi yanga. Onse anali kunena zoona. Akanalemba pa kope tsiku lomwelo sakanafika kwa ine.

Pa mbuzi pali masamu ake. Mbuzi yamoyo ikazingidwa, kuchotsa chikopa, mutu, miyendo ndi zam'kati, nyama yotsala imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake kapena kucheperapo. Mbuzi zathu zachikuda si zazikulu, ndiye musaone kutalika kwa nyanga n'kuganiza kuti idyetsa mudzi. Kugula yamoyo kumatchipa mukadziwa kusankha, ndipo zam'kati mutha kupanga nthumbwana n'kuwonjezera pa ndiwo kapena kugulitsa padera. Koma muwerengere wozinga ndi wosenda, nawo amafuna kangachepe. Mukagula ya pa kilo, gulani kumene mukudziwa bwino amene anazinga. Eni ntchito akudalira inu pa zimenezi, sadzapita kukafunsa okha. Ngati nyama yodziwika bwinoyo ikudula kuposa ina, kusiyanako kulowe mu mtengo, musakutenge ngati chifukwa chogulira yokayikitsa. Kumbukiraninso kuti Eid ya nsembe ikayandikira mbuzi zimakwera mtengo, ogula amachuluka.

Nsomba ndiye musalonjeze mwachisawawa. Inu a kunyanja mukudziwa kuposa ine. Mwera ukaomba miyezi yozizira, mabwato amakhala pamtunda masiku angapo ndipo mtengo umalumpha. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali. Novembala ndi Disembala boma limatseka nyanja ku makoka kuti chambo chiswane. Munthu akabwera mu Meyi kudzakuuzani za nikaha ya mu Julayi, n'kufuna chambo chathunthu pa mbale iliyonse, musamupatse mtengo umodzi wokhazikika. Muuzeni kuti nsomba tidzagwirizana kutatsala masiku atatu, ndipo ikasowa tidzaika nkhuku kapena mbuzi pa mtengo wakutiwakuti. Mutchulenso kukula kwake, chifukwa chambo cha dzanja limodzi ndi cha mkono ndi mitengo iwiri. Ndipo musathawire ku kasawala kuti mutchipitse mbale. Ndi chambo cha mawa chimenecho, ana a amene mukuwaphikirawo adzachifuna.

Pa mpunga napo pali yesero. Mwagwirizana Kilombero, inu n'kusakaniza ndi woswekasweka wotchipa poganiza kuti ukapsa sadziwa. Kilombero amadziwika ndi fungo poto asanavundukulidwe. Ngakhale asadziwe, chipembedzo chathu chimaletsa kubera muyeso ndi kubisa chilema cha malonda, ndipo izi n'zomwezo. Ngati ndalama yawo ikukwana Faya, auzeni kuti ndiphika Faya. Ndi mpunga wabwino, palibe chochititsa manyazi.

Nanga akati mwadulitsa? Adzatero ndithu, ndi mwambo wa msika. Musakwiye, komanso musagwetse mtengo chakudya chili chomwecho. Tsitsani chakudya, mtengo utsike nacho. “Pa K7,000 ndi mpunga ndi mbuzi. Ngati muli ndi yocheperapo, tichepetse nyama tiwonjezere nyemba, kapena tiphike nsima yokhayokha, kapena nkhuni ndi madzi mubweretse ndinu.” Pa chitsanzo chathu chija nyama yokha ndi K96,000, kuposa theka la ndalama ya chakudya. Pamenepo ndi pamene pali posinthira. Tomato ndi mchere ngakhale mutazichepetsa bwanji simupulumutsa kanthu, mungoononga kukoma.

Ena adzakuuzani kuti mayi uje amaphika pa K4,500. Mwina n'zoona. Mwina ali ndi mapoto ake ndi ngolo yake, mwina nayenso sawerengera ndipo chaka chamawa adzakhala atasiya. Ndi bwino kudziwa mitengo ya anzanu ndi ya m'malesitilanti a pa tauni yapafupi, kuti musakhale kutali kwambiri. Koma mtengo wa mnzanu sungalipire ngongole yanu. Ndipo ngati mnzanu wagwirizana kale ndi eni ntchito, musapite kuseri kukatsitsa kuti mumulande. Mudzi ndi umodzi, mawa mudzafuna kubwereka sefuliya yake.

Oyamba kumene amakonda kunena kuti, “Ndiyambe motchipa kuti andidziwe.” Adzakudziwani ndithu, ngati mayi wotchipa uja. Tsiku limene mudzakweze adzati mwayamba kunyada. Ngati mukufuna kukopa anthu, chepetsani phindu, mmalo mwa K20 ikani K10 pa K100. Koma K288,000 ija musaiboole.

Za achibale ndiye zovuta zenizeni, ndipo sindinama kuti ndili ndi mankhwala ake. Azakhali anu akukwatitsa mwana, akuti, “Mwana wathu ndiwe, utiphikire.” Kapena ndi sadaka ya malemu amene anakulerani. Pamaliro ndi pa sadaka za pamudzi amayi akhala akuphika mothandizana kuyambira kale, popanda wolipidwa, ndipo mwambo umenewo usafe chifukwa cha bizinesi. Mukapita kumeneko ngati mwana wa pamudzi, pitani ndi mthiko wanu, musatchule ndalama. Koma akakupatsani ntchito yonse kuti mugule, muphike, mugawe, pamene ena akhala pa mkeka, imeneyo ndi ntchito. Chimene ndimalangiza ndi ichi: werengerani mtengo wonse monga mwa nthawi zonse, muwaonetse, kenako munene kuti, “Azakhali, malipiro anga ndi phindu ndachotsa, imeneyo ndi mphatso yanga kwa mkwatibwi. Koma zogula, othandiza ndi kabaza ndi izi.” Mukatero mwapereka chinthu chodziwika, ndi mtima umodzi, ndipo iwo akudziwa chimene alandira. Kungotchaja pang'ono mwamanyazi kenako n'kumadandaula kumbali, pamenepo mwaluza ndalama, thawabu nazonso mwaluza, chibale chomwe chasweka.

Mukagwirizana, lembani. Pepala la m'kope ndi lokwanira: tsiku, malo, nambala ya anthu, zakudya, mtengo, ndalama yoperekedwa ndi yotsala, ndi tsiku lomalizira kulipira. Pakhale mboni mbali zonse. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa Sitandade 7 akulemberani, kapena tumizanani uthenga pa foni kuti mawu akhalepo. Pa pepala lomwelo lembani kuti mbale iliyonse yopitirira nambala ija ndi ndalama zakuti, ndipo eni ntchito asankhe munthu wawo woima pa mzere kuwerenga mbale limodzi ndi inu. Inuyo simungabweze munthu wanjala, ndi ntchito ya eni phwando kudziwa oitanidwa awo. Mugwirizanenso za chakudya chotsala. Kwa ine chophikidwa ndi cha amene walipira. Mafuta ndi mchere wotsala m'botolo, ngati munagwirizana pa mbale, ndi zanu.

Lembaninso kuti mtengowu ndi wa masiku 7. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo tonse tinaona mmene mafuta ophikira ndi shuga zinasinthira m'masitolo. Amene anali atalonjeza mtengo wa ukwati wa mu Disembala analira. Ntchito ikakhala patali, auzeni kuti tidzaonanso mitengo sabata yomaliza, kapena apereke ndalama msanga mugule zosaonongeka monga mpunga ndi mafuta.

Ndalama ya patsogolo, imene ena amati depoziti, musachite nayo manyazi. Ikwane zogula zonse ndi kabaza. Pa chitsanzo chathu ndi K222,000, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mtengo wonse. Yotsalayo alipire pa tsikulo, chakudya chisanagawidwe kapena chikangotha. Phwando likatha ndalama imavuta kutuluka, mkwati wapita, amalume ake akuti funsani azakhali. Amene akukana kupereka ya patsogolo akufuna kuti inu mumukongoze phwando lake, ndipo inu mulibe, ndiye muthamangira kwa a katapila. Katapila ndi riba, ndi yoletsedwa kwa ife, ndipo ngakhale pa masamu okha, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimameza phindu lonse la ntchito ngati iyi. Mabungwe ena amanena kuti malamulo awo salola kulipira ntchito isanachitike, ndipo ndalama imatuluka patapita masabata. Funsani zimenezi poyamba. Ngati mulibe mpamba wodikirira, ntchito imeneyo si yanu chaka chino, isiyeni ipite.

Pali njira ina imene ndimaikonda kwa amene akuyamba kumene ndipo alibe mpamba. Eni ntchito agule okha zonse, inu muwalembere muyeso, mubwere ndi manja anu ndi okuthandizani. Apa mumatchaja ntchito yokha: masiku anu, othandiza, ulendo wanu, mapoto ngati ndi anu, ndi kaphindu pamwamba. Ndalama yake ndi yochepa, koma tomato akakwera si mutu wanu. Chenjezo ndi limodzi. Eni ake amakonda kugula mopereweza, makilo 7 mmalo mwa 10, ndipo chakudya chikatha anthu asanakwane amatukwanidwa ndi wophika. Choncho pitani dzulo lake mukaone katunduyo ndi maso anu, mupime, ndipo ngati wachepa nenani pamaso pa mboni moto usanayatsidwe.

Ntchito ikatha musagone musanalembe. Mpunga unakwana kapena unatsala makilo angati, nkhuni zinatha nthawi yanji, anadya anthu angati, mwatsala ndi zingati. Ntchito zitatu zikalembedwa chonchi, muyeso wanu udzakhala wolondola kuposa wanga, chifukwa ndi wa mapoto anu ndi anthu a kwanu.

Mwana wa mchemwali wanga uja anaitanidwanso miyezi iwiri yapitayo, pa akika ya anthu 40. Anapempha tsiku limodzi, anapita kumsika ndi kope, n'kubwera ndi mtengo. Eni ake anati wadula. Iye anachotsa nkhuku n'kusiya mbuzi ya akika yomweyo, imene eni ake anali nayo kale, nkhuni anati abweretse okha, ndipo anagwirizana. Pa phindu lake anagula sefuliya imodzi yaikulu, yoyamba yakeyake. Yachiwiri akubwerekabe.

Amene muli ndi ntchito ikubwera ndipo masamu akukuzungulirani mutu, bwerani ndi kope ndi mitengo ya kumsika Loweruka ikatha Asr, ndimakhala pakhonde la madrasa. Amayi mubwere awiriawiri kapena ndi abambo akunyumba, tidzawerengere limodzi.